Mvuu Atseka Mtsinje ndi Matako

Kalekale, nyama zikuyankhula ngati inu ndi ine, panali mtsinje umodzi wodutsa m'maiko atatu. Kumtunda kunali dziko la anyani, pakati dziko la mvuu, kumunsi dziko la nkhanu. Onse ankamwa madzi omwewo.

Chaka china mvula inadula msanga. Mvuu, mkulu wa dziko lapakati, anaona madzi akutsetsereka kupita kwa nkhanu, mtima n'kumuwawa. Anati madzi akalowa m'dziko lake ndiye kuti ndi ake, nanga atuluka bwanji osatsanzika? Anapita pamene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala iwiri, n'kukhalapo, nkhope kumtunda, matako kumunsi. Madzi anaima nji.

Tsiku loyamba kunabwera Nkhanu, akuyenda chammbali. Anayamba wapereka moni kwa matakowo, poti ndiwo anakumana nawo, kenaka anazungulira kukapeza nkhope. Anadandaula kuti kwawo matope ang'ambika, ana akuuma m'mauna.

"Pepani achimwene," anatero Mvuu, "ine sindinatseke mtsinje. Ndangokhala pansi. Kodi kukhala pansi ndi mlandu?"

Nkhanu anabwerera, chammbalibe.

Tsiku lachiwiri kunabwera mkazi wa Mvuu. Anati madzi abwerera m'mbuyo, dimba lamira, maungu akuyandama. Mvuu anayankha kuti kulemera n'komweko, maunguwo aphunzire kusambira.

Tsiku lachitatu kunabwera Nyani, ubweya uli chonyowa. Anati mtsinje ukuyenda chafutambuyo, wafika m'nyumba zawo, ndipo m'mawa umenewo anapeza mlamba utagona pamphasa ya apongozi ake. Mvuu anaseka, anaseka, mpaka madzi anamulowa kukhosi. Apo m'pamene anazindikira kuti madzi afika m'chibwano. Anati adzuke pang'ono, koma ayi ndithu. Masiku atatu akumwa osasuntha, mimba inali itatupa, miyala itamugwira uku ndi uku.

Mvuu anachita mantha. Anachonderera Nyani, anyani n'kubwera kudzamukoka makutu. Sanasunthe. Anachonderera mkazi wake, mvuu zonse n'kubwera kudzamukoka miyendo. Sanasunthe. Madzi anafika pamlomo.

Mkazi wake anati munthu wokanirira chonchi amafuna womudzidzimutsa kumbuyo, ndipo kumbuyoko ndi dziko la nkhanu. Nyani anathamanga kukaziitana. Zinabwera zonse, mzere wautali, chammbali, n'kuima pamchenga wouma.

"Tisanagwire ntchito," anatero Nkhanu, "tigwirizane. Mtsinjewu wa ndani?"

Mvuu anafuna kunena kuti ndi wake, koma madzi anali pamphuno. Panangotuluka thovu.

"Akuti ndi wa tonse," anatero mkazi wake.

Pamenepo anapangana. Chilimwe chilichonse maiko atatuwo azikumana pamiyalapo n'kuona madzi atsala bwanji. Wofuna kutseka kapena kupatutsa ayambe wafunsa anzake. Nyani anali kuwomba m'manja, mpaka Nkhanu anawonjezera kuti anyani nawo aleke kuzula mitengo kugwero ndi kutaya makoko m'madzi. Nyani anayang'ana kumwamba ngati sanamve, koma anavomera. Nkhanu nazo zinalonjeza kuleka kuboola magombe. Mvuu anatulutsa thovu lina, mkazi wake n'kumasulira kuti wavomera zonse.

Tsono nkhanu zinakwera pamatako a Mvuu. Anyani anagwira makutu, mvuu zinagwira miyendo, Nkhanu n'kuwerenga mpaka katatu. Nkhanu mazana atatu zinatsina nthawi imodzi.

Mvuu anauluka. Inde ana inu, mvuu inauluka tsiku limenelo, n'kukagwera m'dimba mwake momwe, pamwamba pa maungu. Madzi anaphulika, ananyamula nkhanu zonse kukazitula kwawo, ndipo aka kanali koyamba nkhanu kuyenda molunjika.

Mvuu anatha mwezi wathunthu osakhala pansi. Ngakhale pamsonkhano woyamba wa maiko atatuwo anamvetsera ali chiimire, ndipo palibe anamupatsa mpando.

Mtsinje wodutsa pakhomo pako si wako wekha. Ukamana wa kumunsi, umamiza wa kumtunda, n'kudzimizanso wekha. Yanga yathera pamenepa, amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere.