Bokosi Lokana Kunyamula Onga

Mu mzinda wina wa ku Sipeini munali mayi wina, dzina lake Remedios, amene mwamuna wake anasankha nthawi yoipa yomwalirira. Chifuwa chinamutenga sabata imene anthu a mumzindamo anaukira boma. Oukirawo anali atazula miyala ya m'misewu n'kuunjika mipanda yobisalapo, ndipo asilikali anaima moyang'anana nawo, mifuti ili m'manja. Manda anali kuseri kwa asilikaliwo. M'nyumba zambiri munali mitembo yosowa njira, dzuwa likuswa mtengo.

Wotsogolera oukira mumsewu umene Remedios ankakhala anali Eusebio, mng'ono wa malemuyo. Anafika pa siwa, nakhala pansi mwaulemu, koma sanabwere kudzalira kokha. Anati anzake a pa mpanda wa kufupi ndi manda onga wawathera. Asilikali, ngakhale ndi ankhanza, amavula zipewa maliro akamadutsa. Bwanji matumba a onga alowe m'bokosi, kumapazi kwa mkulu wake? Anawonjeza kuti malemuyo akanavomera, pakuti nayenso bomalo ankadana nalo.

Remedios bomalo sankalifunanso, ndipo mlamu wakeyo ankamukonda. Mtima unamuwawa kwambiri. Koma anati: "Alamu, ongawo ndipatseni ndisenze pamutu, asilikali aone. Koma bokosi la maliro likanama kamodzi, palibe wakufa adzadutsenso mumsewu uno."

Eusebio anatuluka osatsanzika.

M'mawa mwake amuna onse anali ku mipanda, koma paja maliro n'kulirana: amayi oyandikana ndi Remedios anasenza bokosilo, iye ali patsogolo. Mifuti inayamba yakhala chete. Mkulu wa asilikali sanali mwana wa dzulo, ndipo analamula kuti bokosilo alibaye ndi mipeni ya kumfuti. Remedios anamuletsa ndi dzanja n'kutsegula yekha chivundikiro. Anavundukula nsalu kumutu, anavundukula kumapazi. Munali mwamuna wake yekha, atavala jekete la pa ukwati lomwe tsopano linali litamukulira. Mkuluyo anagwidwa manyazi, navula chipewa, ndipo asilikali anapatuka. Tsiku lomwelo mabanja ena anatulutsa akufa awo, nadutsa popanda wowasecha.

Musaganize kuti kukana kwa Remedios kunali kotchipa. Mpanda wa oukira wa kufupi ndi manda uja unagwa posowa onga, asilikali anazinga msewu wonse, ndipo chipolopolo chinamupeza Eusebio. Ena anamuloza chala Remedios kuti wapereka mlamu wake. Iye analira mpaka mawu kusasa, koma mutu sanaweramitse. Anasambitsa mtembowo, nayendanso patsogolo pa bokosi. Asilikali omwe anamuphawo anavula zipewa, ndipo palibe anakhudza chivundikiro.

Mayi ameneyu ine ndimamunyadira, abale anga, ndipo sindibisa. Pali zinthu zochepa zimene inu ndi mdani wanu mumazilemekeza nonse. Zimenezo si zanu nokha, ngakhale mlandu wanu utakhala wolungama chotani. Mukazisandutsa chida lero, mawa simudzazipeza, ndipo woyamba kuzisowa angakhale inuyo.