Kajumbo Pakamwa pa Thanki

Panali munthu wina ku Zomba amene ankapeza chakudya potchetcha kapinga. Anali ndi makina aang'ono a injini, okankha ndi manja, ndipo mvula ikayamba ankayenda nawo m'makomo mwa anthu. Ntchito yake inali yooneka. Akadutsa pabwalo, mwini nyumba ankatuluka n'kuima pakhonde, akumwetulira yekha.

Munthuyu anali wosamala zinthu, mwinanso mopitirira muyeso. Dontho la petulo likagwa pansi, mtima unkamupweteka ngati wadzicheka chala.

Tsiku lina mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anadzabwereka makinawo chifukwa kunyumba kwake kunkabwera alendo. Awiriwa ankakondana, ankadyera mbale imodzi, choncho kukana kunali kovuta. Mlamuyo anabweza makina atawatsuka, ndipo pothokoza anadzaza thanki mpaka pakamwa. Powakankha pamsewu wa mabampu, petulo anatuluka pang'ono pachitsekerero. Mwini ataona chinyezicho anachita zimene tonse timachita ndi chigubu cha mafuta ophikira. Anang'amba kajumbo, nakayala pakamwa pa thanki, namanga chitsekerero zolimba. Sipanatulukenso kanthu, ndipo iye anakondwa.

M'mawa mwake, kuntchito, makina analira bwino atangokoka chingwe. Anatchetcha mbali imodzi ya bwalo. Kenaka mawu a injini anayamba kutsika. Udzu umene kale makinawo ankaumeta ngati ndevu unayamba kuwatsamwitsa. Anakhosomola, nakhosomolanso, kenaka zii.

Munthu uja anatsegula thanki akung'ung'udza. Petulo anali tho. Anabwezera kajumbo kake bwinobwino, natseka, nakoka chingwe. Makina analiranso mwamphamvu ngati sanadwalepo, koma patapita kanthawi anafookanso. Zinatero tsiku lonse, ndipo bwalo limene akanalimaliza dzuwa lisanafike paliwombo analisiya pakati.

Poti anali munthu wodziwa ntchito yake, anatha masiku angapo akufufuza chimodzichimodzi. Anamasula pulagi yoyatsa moto mu injini, naipala mwaye, kenaka nagula yatsopano. Anachotsa kasiponji kosefa mpweya, nakachapa ndi sopo, nakayanika padzuwa. Anaona oyilo, anali wokwanira. Anapala udzu wouma umene unamatirira kunsi, nanola mpeni. Anataya ngakhale petulo wa mlamu uja, ngakhale kutayako kunamuwawa, nathira wina. Pomaliza anamasula kabuleta yosakaniza petulo ndi mpweya, naitsuka timabowo tonse. Matenda anali omwewo: kuyamba ndi mphamvu, kumaliza ndi chifuwa.

Tsono mtima wa munthu sukonda kukhala ndi vuto lopanda mwini. Chilichonse chimene ankachipeza chili bwino chinkawonjezera mlandu pa mlamu wake.

"Makinawa sanadwalepo chiwagulireni," anauza mkazi wake. "Angogona kamodzi kwa achimwene anu, abwerako ndi chifuwa."

"Ndiye achimwene achita chiyani, abambo?" mkaziyo anafunsa.

"Akanena okha. Mawa ndikawaonetsa ndi maso, ndipo akadziwa kuti pakhomo pano sadzabwerekanso ngakhale khasu."

Mkaziyo ankadziwa kuti mwamuna wake akalankhula mawu sawabweza, ndiponso kuti mchimwene wake si munthu woiwala chipongwe. Anali ndi chisoni, poona kuti makomo awiri amene ankayenderana atsala pang'ono kutsekerana zitseko.

Kutacha, munthu uja anakankha makina mpaka kwa mlamu wake. Moni anayankha mwachidule. Udzu wa pabwalopo unali utameranso, pakuti mvula sidikira munthu. Anakoka chingwe n'kuyamba kutchetcha, mlamu ataima potero, osadziwa kuti akuzengedwa mlandu. Posakhalitsa injini inatsika mawu, inakhosomola, nizima. Kunena zoona, aka kanali koyamba kuti munthuyu akondwe ndi kuzima kwa makina ake, chifukwa mboni yake inali italankhula.

Anagwada kuti atsegule thanki, aonetse mlamu kuti petulo alimo. Masiku onse ankatsegula akudzilankhulira, koma lero anali duu, akusanja mawu oti alase nawo. Pabwalo panali bata. Atangopotokola chitsekerero anamva kaphokoso kakang'ono, fyuu, thanki ikukoka mpweya monga amachitira munthu wovuuka m'madzi.

Anaima kaye. Anatembenuza chitsekerero n'kuchiyang'anitsitsa, ndipo anaona kabowo kakang'ono kamene wopanga makina anakasiya dala. Petulo akamatsika kupita ku injini, mpweya umayenera kulowa pakabowoko kuti utenge malo ake. Mpweya ukapanda kulowa, thanki imaumira petulo, injini n'kumafa ndi njala mafuta alimo. Chimene chinatseka kabowoko chinali m'dzanja lake lomwe.

Mawu aja anali atafika kale pamilomo. Anawameza. Anapinda kajumbo kaja, nakaika m'thumba, natseka thanki, nakoka chingwe. Makina analira, ndipo sanatsikenso mawu. Anatchetcha bwalo lonse la mlamu wake, kutsogolo ndi kuseri, mpaka m'mbali mwa mpanda.

Atamaliza, mlamu anamubweretsera mpando nati, "Zikomo alamu. Koma mmene munafikira muja, nkhope ili gwaa, ndinati kwagwa zovuta."

"Ndinabwera ndi mlandu, alamu," iye anatero akupukuta thukuta. "Ndimati ndi wanu, koma ndaupeza kuti ndi wanga. Khalani pansi ndikuuzeni, museke."

Anasekadi awiriwo, mpaka mkazi wa mlamu anatuluka kudzafunsa chimene chachitika. Munthu uja anabwerera kwawo mopepukidwa mtima, ndipo mkazi wake anangoona kayendedwe kake ali patali n'kudziwa kuti chibale chapulumuka.

Tsono inu amene mukumva, pakhomo panu mphamvu zikayamba kutha, kuseka kukachepa, ana akamayankha mwachidule, fufuzani ndithu. Koma musanapite kukagogoda kwa mnzanu, yambani mwafunsa kuti, kodi ine ndasintha chiyani? Kawirikawiri chimene chikutsamwitsa nyumba si choipa chimene wina anachita, koma chabwino chimene inu munachita pofuna kusamala. Munatseka kuti pasatayike kanthu, ndipo simunaone kuti mwatsekanso polowera mpweya. Alipo anthu odzaza ndi chikondi mpaka pakamwa, koma a m'nyumba mwawo akufa ndi njala, chifukwa mawu a wina aliyense salowa mwa iwo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani chete pang'ono musanalankhule, pakuti munthu uja akanayamba ndi pakamwa, makina akanachira tsiku lina, koma mlamu akanamutaya tsiku lomwelo.