Kabatani ka Dismas

Mu Ogasiti 1978, pamene nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi inkachititsa mabwato kuwoloka mwa apo ndi apo, Dismas, kalaliki wa zaulimi pa boma la Feira, anapempha tchuthi cha masiku anayi. Mtima wake unali pa Arminda, mwana wa a Bonifasio, oimba gitala m'kwaya ya tchalitchi. Mdalayo anali atanena poyera kuti mkamwini wosadziwa nyimbo sadzaponda pakhomo pake.

Dismas anakwera lole ya nsomba mpaka ku Lusaka kukagula hamonika, limba loimba ndi pakamwa. Wogulitsa anamuonetsa ya mabowo khumi ndi awiri, yoyenera woyamba kumene. Iye analoza yaikulu, ya mabowo khumi ndi asanu ndi limodzi.

"Kabatani ka m'mbalika mukudziwa ntchito yake, bwana?"

"Ndinafika Fomu Faifi ine. Kulungani."

Atabwerera anaona kuti akakakanikiza kabataniko kamatulukanso kokha. Anaganiza kuti amugulitsa chowonongeka. A Bonifasio ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa ofesi, koma kufunsa kwa apongozi a mawa kunamuchititsa manyazi. Anadula mphira wa chubu cha njinga, nakamanga kabataniko kali mkati, kuti nga! Masabata asanu ndi awiri anaphunzira yekha kuseri kwa nkhokwe ya feteleza, ndipo nyimbo inamveka bwino ndithu.

Lamlungu, pa 15 Okutobala, anaimirira pambali pa kwaya. Gitala inayamba, Dismas analowa. Chala chilichonse chinali pamalo pake, mpweya unali wokwanira, koma liwu lililonse linkadutsa pamwamba pang'ono pa la gitala, ngati chitseko cholira pa mahinjesi. Amayi a kwaya anasochera. Msilikali wina wa kumbuyo anasuzumira pawindo kufuna ndege.

A Bonifasio anaika dzanja pa nsambo. "A kalaliki, ng'ombeyo mwaimangiranji pakamwa?"

Arminda anatenga hamonikayo, namasula mphira, kabatani nkutuluka. "Uzirani tsopano," anatero.

Dismas anauzira. Liwu linagwirizana ndi gitala ngati mapasa.

"Kameneko mukakanikiza kamakweza liwu theka la sitepe," anatero mdalayo. "Ndinaimbapo yotere ku Zumbo, ku Mozambique, zaka zisanu ndi zinayi. Mukanangoyenda nyumba zitatu."

"Ndinkaopa kuti mundiseka, bambo."

"Ndikanaseka ndekha. Lero taseka anthu mazana awiri."

Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko, Dismas thukuta lili kamukamu. Potuluka anavula chipewa, nafunsa ngati angabwere kudzaphunzira. Mdalayo anati Lachitatu lililonse, folo koloko, ndipo mpando adzaupeza pakhonde.

Ukwati unachitika mu Juni 1979. Mphira uja Arminda anausunga m'kabotolo, ndipo mwamuna wake akayamba kukonza chinthu mosafunsa, amangouika patebulo. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.