Mbaula ya Njuchi ya Bambo Feist

Kuno kwathu ku North Dakota, munthu akati akupita kwa a Feist palibe amafunsa kuti a Feist ake ati, ngakhale dzinali ladzaza m'tchalitchi ndi kumanda komwe. Aliyense amadziwa kuti akunena a Merle Feist a njuchi, aja a shedi yaitali ya malata kuseri kwa minda ya mpendadzuwa. Anali bambo wachikulire, wa manja aluso, wosaba komanso wosakana mnansi pamavuto. Koma makani, abale! Ngakhale wansembe ankayamba wameza malovu asanawatsutse. Ming'oma anailandira kwa bambo awo, ndipo pa moyo wawo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti Janelle, mwana mmodzi yekhayo amene Mulungu anawapatsa, abwerere kumudzi adzailandire nayenso. Vuto linali lakuti Janelle anali pa ntchito yabwino pa kampani ya makina mumzinda wa Minneapolis, pamene uchi unali utasiya kudyetsa banja.

Chimene chinkagwetsa ntchitoyi ndi tinkhupakupa tofiira timene timakakamira pa njuchi n'kumayamwa ana ake ali m'zisa. Chaka ndi chaka, malole akabwera nayo ming'oma kuchokera ku California, kumene njuchi zathu zimakathera nyengo ya chisanu, a Feist ankavundukula n'kupeza ina ili zii. Kuyambira kale anali ndi maganizo akuti tizilomboti sitipirira kutentha ngati ana a njuchi, ndipo thabwa lofunda mwa muyezo wake, litaikidwa pansi pa mng'oma, likhoza kutitha popanda mankhwala. Koma maganizo okha sagula mawaya. Choncho atamva kuti boma limathandiza timakampani tating'ono tofufuza za ulimi, anapempha thandizo la zaka ziwiri, ndipo analipeza.

Pangano litafika, analiwerenga ndi akazi awo, Mayi LaVonne, amene amawerenga chilichonse mpaka malemba a pa botolo la mafuta ophikira.

"Bambo a Janelle, tamverani apa," anatero mayiwo. "Akuti mukapanga chinthu chatsopano ndi ndalama zawozi, muwadziwitse polemba isanathe miyezi iwiri. Mukatero chimakhala chanu ndithu. Mukapanda kutero akhoza kuchitenga."

"Chatsopano chake chiti? Zimenezi ine ndinaziganiza Janelle ali ku pulayimale. Nthawi imeneyo boma linali kuti?"

"Alembanso zimenezo. Akuti ngakhale munachiganiza kale, bola chikayamba kugwira ntchito ndi thandizo lawo, chili m'gulu lomwelo."

"Inu mayi, mukanakhala loya bwenzi tikuyendera ndege. Patseni cholembera ndisayine, khofi wanga akuzizira."

Anasayina, ndalama zinabwera, ndipo a Feist anadzitsekera m'shedi. Mathabwa oyamba anawotcha ana a njuchi. Achiwiri anangofunditsa tinkhupakupa, ndipo tinaswana mosangalala. Koma nyengo yachiwiri ya chisanu isanafike, bambo uja anaupeza muyezo wake, pamodzi ndi kachitsulo kozimitsa moto kokha kutentha kukakwana. Ming'oma imene anaiikira mathabwawo inabwera kuchokera ku California ikulira ngati injini. Anthu ochepa amene anamva mphekesera anayamba kuchitcha chinthucho mbaula ya a Feist, ngakhale palibe amene analoledwa kuchiona. Ine amene ndinkakhala nawo bwino ndinangomva fungo la phula pakhomo la shedi.

Amene anachiona ndi Mayi Prewitt, wogwira ntchito m'boma amene ankayang'anira thandizo lawo. Anabwera tsiku lina kukutentha, anavala chophimba kumaso, anagwada pa udzu n'kuyang'ana pansi pa mng'oma kwa nthawi yaitali. Atabwerera m'nyumba, Mayi LaVonne anawaikira kuchen wa mapichesi, keke ya kwathu kuno, ndipo mlendoyo anadya kawiri osachita manyazi.

"Bambo Feist, ndayenda m'mashedi ambiri, koma ichi n'chinthu," anatero. "Mwatilembera kale?"

"Ndikulembereninso chiyani, poti mwaona ndi maso anu? Si inu boma?"

"Ine ndine Prewitt chabe. Mawa ndikhoza kupuma pa ntchito kapena kugundidwa ndi basi. Lembani, mufotokoze mmene chimagwirira ntchito, munene kuti mukufuna chikhale chanu. Ife sitikuchifuna, tikungofuna kudziwitsidwa, chifukwa ndalamazi n'za anthu a msonkho."

"Nanga pepalalo likafika ku likulu, lidutsa m'manja angati? Mawa ndidzangoona kampani yaikulu ikugulitsa mbaula yanga itaipaka utoto wina."

"Lamulo limateteza chinsinsi chanu mpaka mutalembetsa umwini. Chimene sichitetezedwa n'chimene simunanene."

"Chabwino, mayi, ndamva. Onjezerani kuchen."

Kunoko munthu akati "ndamva" n'kukuonjezera chakudya, dziwa kuti nkhani yatha ndipo sanamve kanthu. Mantha awo ndimawamvetsa, pakuti alimi ang'ono anaberedwapo nzeru kambirimbiri. Koma ndinene zoona, chachikulu sichinali mantha. Zinkawawawa mumtima kuti chinthu chimene anachisenza m'mutu kwa zaka zonsezo akachinene kwa anthu a m'maofesi ngati mwana wopempha chilolezo. Nthawi ya thandizo itatha, panabwera lipoti lotsekera, ndipo mwa mafunso ake munali lakuti kodi pa kafukufukuyu patuluka chinthu chatsopano? A Feist anayankha kuti ayi. Kwa iwo sanali kunama, popeza mumtima mwawo mbaulayo inali yakale kuposa panganolo.

Pa Khirisimasi Janelle anabwera kudzacheza, ndipo bambo ake anamutengera kushedi. Mtsikanayo anatembenuza thabwalo uku ndi uku, anafunsa za mawaya, anawerenga zotsatira za ming'oma, kenaka anakhala pansi pa bokosi lopanda kanthu. Iye ankadziwa msika, ndipo anaona pomwepo kuti aliyense woweta njuchi m'dziko muno adzachifuna chinthuchi. Madzulo ake pa chakudya ananena mawu amene bambo ake anawadikira kwa zaka zambiri.

"Adadi, ngati umwini wake ndi wathu, ndikhoza kusiya ntchito. Inu muziona njuchi, ine ndiziona zopanga ndi kugulitsa. Koma ndiuzeni kaye, za boma zija munathana nazo?"

"Zonse zili m'malo, mwanawe. Mayi wa boma anabwera yekha, anagwada pa udzu paja, anaona zonse. Mpaka anatimalizira kuchen."

Mayi LaVonne anawayang'ana amuna awo, n'kudzuka kukatenga madzi amene palibe anawapempha. Nawonso ankamufuna mwana wawo pafupi, ndipo si khalidwe lathu kutsutsa bambo pamaso pa mwana pa tebulo la Khirisimasi. Anadziuza kuti adzayikonza nkhaniyi chaka chikayamba. Chaka chinayamba, anaikumbutsa kamodzi, anayankhidwa ndi kutseka kwa chitseko cha shedi, ndipo anaisiya.

Janelle anasiya ntchito, anagulitsa kanyumba kake ka m'tauni, n'kubwerera m'chipinda chimene anakuliramo. Miyezi imeneyo a Feist anasanduka mnyamata. Ankaimba malikhweru m'mawa, ankapereka moni kwa anthu amene anakangana nawo za malire a minda, ndipo pa khofi wa pambuyo pa Misa ankangoti "mwana wanga akuti", "mwana wanga wanena", mpaka tinatopa nazo. Koma tinkakondwera nawo, chifukwa kuno ana akapita ku tauni sabwerera. Janelle anapeza fakitale ina yaing'ono imene inavomera kupanga mbaulazo zambirimbiri, malinga ngati palibe wina amene angaloledwe kupanga zofanana nazo. Chotsala chinali kulembetsa umwini, ndipo anapita kwa loya wa mumzinda wa Bismarck, Bambo Haugen.

Loyayo anamvetsera bwino, kenaka anafunsa ngati pa ntchitoyi panalowa ndalama za boma. Atamva kuti inde, anapempha kuona kalata imene bambo ake anadziwitsira boma. Janelle anaimba foni kunyumba ali mu ofesi momwemo.

"Adadi, akufuna kalata ija munatumiza ku boma. Ili pati?"

Pa foni pankangomveka wailesi ya m'shedi.

"Adadi?"

"Kalata yake iti? Ndinakuuza kuti mayi uja anaona."

"Simunalembe?"

"Nzeru ndi zanga, Janelle. Boma linangogula mawaya."

Anayesa kukonza. Bambo Haugen analemba kalata yaulemu yodziwitsa boma, ngakhale nthawi inali itapitirira kalekale. Anawauza mosabisa kuti boma silikonda kulanda zinthu zotere, ndipo ochedwa ambiri limangowadzudzula, koma yankho lija lakuti "ayi" pa lipoti lotsekera linali lolemera. Apa n'kuti Mayi Prewitt atapuma pa ntchito, ndipo pa mpando wawo panali munthu wina amene sanalawepo kuchen wa Mayi LaVonne. A Feist sanagonje. Anaumirira kuti afunsidwe Mayi Prewitt, mboni yawo, amene anaona zonse ndi maso. Loya anawaletsa, iwo anakana kumva. Mayiwo anafunsidwa, ndipo pokhala munthu woona mtima ananena zonse: kuti mbaulayo anaiona ikugwira ntchito nthawi ya thandizo, ndiponso kuti anawachenjeza Bambo Feist pamaso kuti alembe. Mboni imene anaiitana okha ndi imene inatsimikiza kuti sanaiwale, anachita kukana.

Yankho linabwera chisanu chikutha. Boma linatenga umwini wa mbaula, ndipo linati aliyense wofuna kuzipanga akhoza kupempha chilolezo. A fakitale aja anapepesa n'kubwerera m'mbuyo, chifukwa sakanatha kupikisana ndi makampani akuluakulu pa chinthu chotsegukira onse. Bambo Haugen anafotokozanso chinthu china chimene a Feist anapempha kuti achibwereze, poganiza kuti sanamve bwino. Munthu amene wadziwitsa boma m'nthawi yake, ngakhale atasankha kusiya umwini, amatsala ndi ufulu wogwiritsa ntchito chimene anapanga. Amene sanadziwitse satsala nawo. Ngati a Feist ankafuna kupitiriza kukhoma mbaula m'shedi mwawo, anayenera kupempha chilolezo ngati wina aliyense.

Janelle sanakalipe. Anakhala milungu ingapo, anathandiza kulandira ming'oma pa malole, anaimba mafoni ake mwakachetechete, ndipo anapeza ntchito ina ku Minneapolis, yotsikirapo poyerekeza ndi imene anasiya. M'mawa wa tsiku lonyamuka, bambo ake anamupeza akulongedza katundu m'galimoto. Anaima chapatali, manja ali m'matumba.

"Njuchi zilipobe, mwanawe," anatero. "Uchi chaka chino ukhala wambiri. Tikhoza kuyamba zina."

"Uchi sungadyetse anthu atatu, adadi. Mukudziwa."

"Atibera anthu amenewa. Zaka zanga zonse zija."

Janelle anatseka buti n'kutembenuka. Maso ake anali ofiira, koma mawu anatuluka ofatsa.

"Sanatibere. Anapempha kuti muwauze, basi. Koma zimenezo ndikanakhululuka, adadi, makani anu ndinabadwa ndikuwadziwa. Chimene chikundipweteka n'chakuti ine ndinakufunsani. Ndinakufunsani ndisanasiye ntchito, ndisanagulitse nyumba, inu n'kundiyang'ana m'maso n'kunena kuti zonse zili m'malo."

"Ndinkafuna ubwere."

"Ndikudziwa. Ndipo mukanalemba tsamba limodzi lija, bwenzi ndikukhala."

Anawakumbatira, anakumbatira amayi ake amene ankalira pakhonde, n'kulowa m'galimoto. A Feist anaima pamsewu wa miyala mpaka fumbi litakhazikika. Ndinawamvera chisoni tsiku limenelo, ndipo ndimawamverabe, chifukwa si munthu woipa. Masiku ano mbaula zija zikugulitsidwa m'sitolo za alimi, zili ndi dzina la kampani ina, ndipo zikupulumutsa njuchi za anthu ambiri, monga mmene mwini wake ankanenera. Iwo chilolezo sanapemphe mpaka lero. Ming'oma akuichepetsa chaka ndi chaka, popeza msana wayamba kukana ndipo palibe woti adzawalandire.

Thandizo analipempha okha, palibe anawakakamiza, ndipo linawachitira zimene manja awo okha sakanatha. Chimene linabwera nacho chinali chaching'ono, kungonena poyera kuti onani chimene chatuluka. Iwo anafuna kutenga chokoma n'kusiya chinzake, kuiwala kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Akuluakulu sananame pamene anati walira mvula walira matope.