Chiwaya cha Mayi Nanyoni Chisamuka

Bambo Gomonda atagula sitolo yakale ku Limbe, anaganiza zoigwetsa n'kumangapo nyumba yansanjika zinayi. Anayamba ndi kuthamangitsa Mayi Nanyoni, amene ankakazinga tchipisi pakhonde pa sitoloyo.

"Pofika Lachisanu ndisakuoneninso pano. Lachinayi ndikubwera ndi mnzanga wachuma, adzaone mmene anthu amadzazira pamalo ano, kuti timange limodzi."

"Musavutike bwana, ndichoka lero lomwe," anatero mayiwo modzichepetsa.

Anasamutsira chiwaya chawo kuseri kwa msika. Madalaivala a minibasi, amene ankaima pasitolopo chifukwa cha tchipisi basi, anawalondola. Okwera analondola minibasi, ogulitsa nthochi n'kulondola okwera.

Lachinayi wachuma uja anangopeza galu atagona pakhonde.

"Achimwene, khamu munkanena lija ndi limeneli?"

Bambo Gomonda anathamangira kumsika thukuta lili kamukamu.

"Mayi, chonde bwererani msanga!"

"Ndibwerera bwana. Koma mulembe kaye kuti mukamanga, chipinda chapansi choyang'ana kumsewu ndi changa."

Bwanayo analemba atanjuta, pepala lili pabondo, makondakitala akukanganirana kusaina ngati mboni.