Masamba Amene Sajeni Anayala pa Mlatho

Panali msilikali wina, Sajeni Chimbalanga, amene pa nthawi ya nkhondo anamutuma kukatseka mlatho. Kutsidya kwa mtsinjewo kunali adani, ndipo akuluakulu sanafune kuti kufike kanthu, kaya zipolopolo, kaya mafuta, ngakhale mchere. Lamulo linali lalifupi: ikani chotchinga pamsewu, wochidumpha muombereni.

Koma galimoto yonyamula migolo yotsekera msewu inatitimira m'matope kumbuyo. Chimbalanga, munthu wosadziwa kudikira, analamula asilikali ake kuti athyole nthambi za mango aziyale mopingasa msewu. Atatero, iye ndi gulu lake anakwera pachitunda nabisala m'miyala.

Dzuwa lili paliwombo panatulukira azibambo asanu apanjinga, matumba ali pakaliyala. Atafika pamasamba paja anatsika, koma sanabwerere. Anayamba kukankha njinga zawo mwakachetechete, nadumpha mzere uja.

Asilikali anakuwa, koma mtsinje unali wodzaza ndipo mkokomo wake unameza mawu. Wachiwiri kwa Chimbalanga, Kopolo Nazombe, anamunong'oneza kuti pamlatho wina anthu otere anabisa mfuti m'matumba a chimanga napha asilikali atatu. Anamukumbutsanso kuti akaphwanya lamulo adzakayankha yekha. Zonsezo zinali zoona, ndipo Chimbalanga anachita mantha kwambiri. Anakweza dzanja, thukuta lili kamukamu. Akanangolitsitsa, mfuti zonse zikanalira.

Ali chikwezere, anaona kuti onse asanu avula zipewa. Wakutsogolo, bambo waimvi, anali atapanira chake kukhwapa, akumwazamwaza maso ngati akufunafuna nyumba.

Apa m'pamene nzeru zinamubwerera. Kwathu kuno masamba aawisi pamsewu sanena kuti ima. Amanena kuti pano pali maliro, tsika panjinga, vula chipewa, dutsa mwaulemu. Iye mwini anawayalapo kwawo tsiku limene anaika bambo ake, koma yunifolomu inali itamuiwalitsa.

Anauza Nazombe kuti pasalire mfuti. Yake anaisiya pamwala, natsetsereka yekha.

Bambo waimvi uja atamuona anawerama pang'ono.

“Pepani ndi zovutazi, bwana. Watisiya ndani?”

Chimbalanga anayang'ana masamba aja, anayang'ananso anthu asanu aja mmodzimmodzi, nausa moyo. Mtima wake unakhala pansi.

“Palibe, bambo. Lero palibe.”

M'matumba anapezamo mchere ndi nyemba basi. Sanawalole kuwoloka, pakuti mlatho unali wotsekabe, ndipo anabwerera akung'ung'udza monga amachitira anthu amoyo. Nthambi zija Chimbalanga anaziponya mumtsinje. Anapingasa chipika pamsewu, naika msilikali poonekera woti azilankhula ndi aliyense wobwera.

Tsono inu amene mwapatsidwa mphamvu yotseka njira, kaya pamsewu, kaya pantchito, kaya pakhomo panu, mverani. Musanalange munthu wodumpha mzere wanu, tsikani pachitunda mukauone mzerewo monga akuuonera iye. Chimbalanga anatsekabe mlatho, ndi chipika ndi pakamwa, adani osalandira ngakhale kambewu ka nyemba. Akanatsitsa dzanja lija, masamba aja akananena zoona, ndipo wowayala akanakhala iye yemwe.