A Zaulere ndi Chiseko cha Apongozi

M'kachipinda kometera ka a Zaulere munali mipando iwiri, galasi lalitali lothetheka pakona, ndi benchi la odikira limene linkamva nkhani zambiri kuposa wailesi. Dzina loti Zaulere anawapatsa ndi makasitomala, ndipo sanawanamizire. Kalendala ya pakhoma inali yaulere, kapu yomwera tiyi inali yaulere, ngakhale tisheti imene ankavala m'kati mwa epuloni inkatsatsa mankhwala otsukira mano amene iwo sanagulepo n'kamodzi komwe. Pa lumo ndi makina ometera anali katswiri, zimenezo tisawalande. Koma munthu ukangotchula mawu oti ulere, makutu awo ankaima ngati a galu amene wamva kulira kwa mbale.

Akazi awo, mayi a Dede, anali namwino, munthu wosavuta. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sankafuna nacho masewera. Kanali kavidiyo kakafupi kojambulidwa pa foni yakale. M'menemo bambo awo owabereka, malemu, amene anali dalaivala wa basi wa mawu aakulu, anagwada pasimenti atatambasula manja, akuitana mdzukulu wawo amene ankaphunzira kuyenda. "Dede! Dede!" ankatero mkuluyo, kenako mwana uja n'kudzagwera pachifuwa pawo, iwo n'kuphulika chiseko chogwedeza mawindo. Dzina loti Dede linamukanirira mwanayo mpaka kukula. Zithunzi za malemuwo zinalipo ndithu, koma mawu awo anatsalira m'kavidiyo kameneka basi.

Foni yakaleyo itayamba kuzima yokha, a Zaulere anakweza zonse pa intaneti, ku kampani ina yosungira anthu zithunzi ndi mavidiyo, imene chizindikiro chake chinali ambulera. Apo anachita bwino, chifukwa pasanapite nthawi foniyo inagwera m'beseni la zochapa n'kutsanzikiratu.

"Mwaona, mayi a Dede? Kumeneko ngakhale nyumba itapsa, apongozi sangapse," anatero akudziguguda pachifuwa.

"Ndamva. Muwasiye pomwepo," anayankha mayiwo.

Akanawasiyadi pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma makampani osungira anthu zinthu pa intaneti anachuluka, nayamba kulimbirana makasitomala ngati oitanira mabasi akukanganirana chikwama cha munthu mmodzi. Wina akati malo aulere ndi awa, mnzake ankati ife tikuwirikiza. Wina akati tikuwonjezerani mukabweretsa mnzanu, winanso ankati ingotsekani akaunti yanu kwa anzathuwo, mudzaone zimene tikuchitireni. Pabenchi la odikira paja anthu anayamba kuchemerera makampaniwa ngati matimu a mpira.

Amene ankabweretsa nkhani zatsopano anali wogulitsa mafoni wa khomo loyandikana, munthu wa pakamwa potsekemera amene ankasuzumira m'chipindamo m'mawa uliwonse.

"Akulu, mudakali kwa a ambulera? Anzanu tonse tili kwa a kiyi. Malo ake mungaikemo tauni yonse ino."

"Aulere?"

"Mukufunsanso?"

Malo a Zaulere ankawafunadi, pa chifukwa chake. Anali ndi chizolowezi chojambula mutu wa kasitomala aliyense akamaliza kumumeta, kutsogolo, m'mbali ndi kunkhongo, ati n'cholinga choti munthuyo akadzabweranso asadzavutike kufotokoza. Mitu imeneyi inkadzaza malo msanga. Kampani ya ambulera inkapempha kangachepe pamwezi kuti iwonjezere malo, koma kwa a Zaulere kulipira chinthu chimene wina akugawa kunali ngati kutukwanidwa. Choncho anasamutsa zonse kupita kwa a kiyi, apongozi ali pakati pa mitu ija, ndipo zinayenda bwino. Atamva kuti a njovu akupereka zoposa pamenepo, anasamukanso. A kiyi atalengeza mphatso ya obwerera kwawo, anabwerera. Ulendo uliwonse ankafika kunyumba akuwala nkhope ngati awina mlandu.

"Kodi bambo angawo muzingoyendayenda nawo ngati katundu wa munthu wothawa lendi?" anafunsa mayi a Dede tsiku lina akusita yunifolomu yawo.

"Amayi, makampani akamamenyana wodyerera ndi ife. Ine ndine wopusa kuti ndikhale malo amodzi?"

"Ife tinasamuka kangati tisanapeze nyumba ino? Munaona makapu angati amene anafika ndi chogwirira?"

"Za pa intaneti sizisweka," anatero a Zaulere akuseka. "Inu dziwani za jakisoni."

Mayiwo anangopukusa mutu n'kutembenuza kolala. Anapempha kuti kavidiyoko awaikirenso mu foni yawo yatsopano, bambowo anati mawa. Mawa la a Zaulere linali ndi miyendo yaitali, silinkapezeka.

Ndiye linafika Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi, benchi litadzaza mpaka ena ataima pakhomo. Wogulitsa mafoni uja analowa akupuma mwabefu.

"Akulu, kwabwera a nyenyezi! Malo opanda malire, aulere mpaka kalekale. Koma akutseka lero, ndipo akufuna umboni woti mwatseka akaunti yanu yakale."

Opanda malire! A Zaulere anasolola foni m'thumba. Pampando panali mphunzitsi wina, mutu utametedwa mbali imodzi. Makina kudzanja lamanja, foni kumanzere, mkulu uja anayamba kusamuka. Pafoni panatuluka timawu tambirimbiri tating'onoting'ono, iwo anangotikankhira m'mwamba ndi chala chachikulu n'kuvomera. Kamzere kosonyeza kuti katundu akuyenda kanakwawa, kanakwawa, kenako kanadzaza.

"Bwana, khutu langalo ndikulifunabe," anadandaula mphunzitsi uja.

"Pepani aphunzitsi, tikumanga tsogolo."

Anasuzumira kwa a nyenyezi, naona zithunzi zili mbwee. Mtima unakhala pansi. Anapita kwa a kiyi kukatseka akaunti. Foni inawafunsa ngati akutsimikiza, inawafunsanso kachiwiri ndi zilembo zofiira, koma ndani amamvera foni pamene benchi lonse likuwomba m'manja? Anadina. Mphunzitsi anatuluka tsiku limenelo mzere wakutsogolo utapendekeka pang'ono, koma anakhululuka.

Miyezi inapita, a Zaulere akutamanda a nyenyezi kwa aliyense wokhala pampando wawo. Kenako Dede anasankhidwa kupita ku koleji ya kutali. Lamlungu masana, tsiku loti mawa lake anyamuka, banja lonse linali pabalaza, sutikesi ili yasa! pakati, mayi akupinda zovala, mwana akuchotsa zimene mayi aika.

"Bambo a Dede," anatero mayiwo, "muikireni mwanayu agogo ake mu foni. Kumene akupitako kulibe amene amadziwa kumene dzina lake linachokera. Akasungulumwa aziwamva akuseka."

"Zazing'ono zimenezo," anatero a Zaulere akukhala pakati pawo pa sofa. "Muone mmene a nyenyezi amagwirira ntchito."

Anatsegula. Panabwera nkhongo ya munthu. Anakankha, panabwera nkhongo ina. Dede anayamba kuseka.

"Adadi, mitu yonseyi ndi abale athu?"

"Dikira, agogo ako ali pansi."

Anatsika. Madazi, mizere, ndevu, makutu. Anapeza zithunzi za ukwati wawo, za Dede ali kusukulu ya mkaka, za mayi atavala chipewa cha unamwino. Anafika pansi penipeni, nabwerera pamwamba. Anafufuza pamene palembedwa kuti mavidiyo, napeza mbee, mopanda kanthu. Chiseko cha Dede chinazilala. Mayi anasiya kupinda siketi imene inali m'manja mwawo.

Dede ndi amene analanda foniyo n'kuwerenga timawu tating'ono tija. Malo opanda malire anali a zithunzi zokha. Mavidiyo ankalandiridwa kwa olipira basi, ndipo ena onse kampaniyo inkangowadumpha pa tsiku losamuka.

"Ndiye kuti adakali kwa a kiyi," anatero a Zaulere, thukuta lili kamukamu. "Musadandaule, ndiwaimbira."

Anaimba. Anayamba amvetsedwa nyimbo mpaka khutu kutentha, kenako panabwera mawu aulemu a mtsikana. Anawafotokozera kuti munthu akatseka akaunti, katundu wake amasungidwa kwa kanthawi ndithu kuti mwina angasinthe maganizo, koma nthawiyo ikadutsa amafufutidwa, ndipo yawo inadutsa kalekale.

"Mwana wanga, ndi kavidiyo kamodzi kokha. Kakafupi. Muli apongozi anga."

"Pepani kwambiri, bambo, palibe chimene tingachite. Koma ngati mungakonde kubwereranso kwa ife, mwezi uno tili ndi malo aulere kwa makasitomala atsopano."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Zaulere anamva mawu oti ulere makutu awo osaima. Anadula foni. Anayesa kwa a njovu, anayesa kwa a ambulera, koma konseko anali atatseka okha ndi chala chawo chomwecho, pofuna mphatso ya kwina.

Chimene chinapezeka, pakati pa dazi la munthu wina ndi ndevu za wina, chinali chithunzi chimodzi chimene Dede anachijambula kuchokera mu kavidiyoko ali wamng'ono. Mkulu uja ali chogwada, manja ali tambasu, kukamwa kuli yasa pakati pa chiseko. Mayi a Dede anatenga foniyo n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anachigogoda ndi chala, monga ankachitira kale kuti chiyambe kuyenda. Sichinayende.

A Zaulere anayembekezera mkuntho, ndipo akanaulandira ndi manja awiri. Koma mayiwo sanakalipe. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ankati, 'Dede! Dede!'" anayesa kukulitsa mawu. Anaima, napukusa mutu. "Ayi, sankatero. Ankayambira pansi, kenako n'kukweza. Kapena ankayambira pamwamba?" Anayang'ana amuna awo, maso atadzaza misozi. "Bambo a Dede, ankayambira pati?"

Kavidiyoko a Zaulere anakanyamula ulendo ndi ulendo, kampani ndi kampani, koma anali asanakhalepo pansi n'kukamvetsera mpaka kumapeto. Chisoni chimene anamva pamenepo chinaposa manyazi, ndipo manyaziwo sanali ochepa.

Lolemba m'mawa, ataperekeza Dede kokwerera basi, anatsegula kachipinda kawo mochedwa. Asanamange n'komwe epuloni, wogulitsa mafoni uja anasuzumira pakhomo, mano onse ali pamtunda.

"Akulu, mwamva? Kwabweranso ena atsopano. Awa ndiye akugawa..."

"Khalani pampando ndikumeteni, kapena tulukani," anatero a Zaulere osatembenuka.

Mwezi umenewo anayamba kulipira kangachepe kaja, ndipo zimene zinatsala anazisunganso m'foni ya akazi awo ndi ya mwana. Anthu a pabenchi ankati mkuluyu wakalamba. Iwo sankatsutsa. Koma makasitomala anaona kuti akamaliza kumeta sakujambulanso nkhongo za anthu, ndipo wina akaseka kwambiri m'chipindamo, makina ankayamba aima kaye m'malere, mwini wake akumvetsera ngati akufuna kukumbuka kanthu.

Nthambi imene anagwira poyamba inali yolimba, ndipo zipatso zake zinali zokwanira. Anaitaya chifukwa cha ina yooneka yakupsa, n'kutayanso imeneyo asanagwiritse inzake. Akuluakulu sananame pamene anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.